Mlingo Wachiwiri

Mayi Kumagai a ku khonsolo anafika Lachitatu,
nasasa chipale pa nsapato,
chikwatu cha mafunso chili m'khwapa.

Bambo anga, amene chiyambire Novembala
sanadzukepo popanda phewa langa,
anaimirira okha.
Anawerama mwaulemu, maondo akunjenjemera m'buluku.

Mumasamba nokha, a Tomekichi?
Ndekha.
Nanga kuchimbudzi usiku?
Ndine mwana ine?

Ine ndili chilili pakhomo la khitchini,
manja akununkhabe sopo wa zofunda za usiku womwewo.
Ndinatsokomola. Palibe anacheuka.

Kalata inabwera patatha mwezi: mlingo wachiwiri.
Pa makwerero asanu a boma
ulemu wawo unawatsitsa sitepe imodzi,
ndipo sitepe imodziyo ndi masana awiri pa sabata
amene ndikadagonako tulo.

Ndakhala ndikusonkha chikwanitsire zaka makumi anayi.
Amadula malipiro asanafunde m'manja.
Bambo nawo amawabudula pa penshoni.
Theka ndi lanu, amatero, theka ndi la misonkho:
Tokyo aponyapo, chigawo cha Akita chiponyapo,
khonsolo ikunkha zotsala.
Koma msonkhowo ndife tomwe
titangosintha malaya.

Mlongo wanga Noriaki amaimba foni ali ku Saitama.
Akuti kwawoko galimoto zonyamula okalamba
zimachita kulimbirana pakhomo.
Ndiye ndibwere nawo? ndimafunsa.
Zii.
Kenaka ayamba kukamba za nyengo.

Kuno ndalama ilipo, papepala.
Chosowa ndi manja.
Sukulu yathu anaitseka kalekale;
m'kalasi momwe ndinaphunzirira kulemba dzina langa
muli mabedi asanu ndi atatu
ndi mndandanda wa odikira kuti wina achokepo.
Fumie, amene amadzawasambitsa,
amayendetsa ola lathunthu pamsewu woterera.
Mutu wake ndi wa imvi kuposa wanga
ndipo m'kati mwa yunifolomu amamanga lamba wa msana.
Iyeyo adzamusambitsa ndani,
sitifunsana.

Usiku wa Lachitatu lija, nditawafunditsa,
anandigwira pamkono.
Ndakhoza eti, Harue?
Sindinakuchititse manyazi pamaso pa mlendo?

Mwakhoza, bambo.

Ndinazimitsa nyale,
ndinasendeza ndowa kufupi ndi mphasa yawo,
n'kutchera wotchi kuti ilire 2 koloko.