Lachinayi ku Fargo

Chipale chofewa chakwirira galimoto yanga panja.
Darlene wandibaya chala, wafinya kadontho,
wayang'ana makina.
"Akwera ndithu, Wendell, koma sanapyole malire. Gonani apa."

Jakisoni wa testositeroni,
uja ndimadzibaya pantchafu Lamlungu lililonse,
wandibwezera zimene zaka zinandilanda:
kukwera makwerero a nkhokwe ya tirigu osapumira panjira,
mkazi wanga kusekanso mumdima.
Koma chokoma sichiyenda chokha.
Magazi alimba ngati uchi wogona pozizira,
nkhope psuu, mutu kugunda.
Dokotala anati, kawachepetseni.

Ndiye ndabwera kudzataya.

Thumba likudzaza mwaulesi,
sikelo ikuliluluza ngati khanda.
Mtsikana wagona pambali pangayu
wabwerera mlongo wake, amene anagundidwa ndi lole chaka chatha.
Ine ndabwerera ine.

Darlene wandimata kapepala pachifuwa: Ngwazi.
Zala zanga zayamba kale kukamatula.
"Wolandirayo sadzafunsa chifukwa chake,"
watero, maso ali pa bandeji.
"Imwani juwisiyo."

Ndamwa.
Kapepalako ndakasiya,
mwina mpaka ndikafike pagalimoto.