Mvukuto wa Imke

Ine ntchito yanga ndi ya mpweya.
Zaka khumi ndi zinayi ndakwawa m'mimba mwa malimba akuluakulu
a m'matchalitchi a ku Lübeck,
kusoka zikopa za mivukuto,
kusaka pothawira mphepo ndi khutu ndi kanthenga ka tsekwe.
Ndinkadzitama kuti mpweya ndimaudziwa.

Kenaka Imke anatulukira Lachiwiri lina mu Januwale,
ife tikumuyembekezera kumapeto kwa Epulo.
Nyundo yanga yaing'ono imamposa kulemera.
Khungu psuu, mitsempha kuonekera,
ndipo akakoka mpweya kachifuwa kankabira m'kati
ngati wina akukadinikiza ndi chala.

Dokotala Harmsen sanachuluke gaga m'diwa.
Ananyowetsa kajumbo pampopi, nandipatsa.
Tatsegulani, anatero.
Kanamatirirana, ndinalimbana nako.
Mapapo a mwana wanu ali chonchi.
Timafuta toletsa kumatirira thupi lake silinayambe kupanga tokwanira.
Tingathe kumugoneka, kumuika chubu kukhosi, makina azimupumira.
Koma akuyesetsa yekha. Tiyeni tisamulande ntchito,
tingomupatsa chimene chikusowa.

Ndinagwedeza mutu.
Chikopa chanthete ukachipopa mwankhanza chimang'ambika,
zimenezo sindinachite kuuzidwa.

Gesa anali m'chipinda chapamwamba, ulusi wa opaleshoni uli pamimba.
Ndinaima ndekha pakona, manja m'khwapa.
Anayamba amupatsa kafeini,
mwana wosalawa n'komwe mkaka, khofi kale!
Ndinaseka, kuseka kwake kowawa kukhosi.
Namwino Frauke anamufungatira ndi zikhatho ziwiri,
timapaipi ta m'mphuno tikuuzira pang'onopang'ono, osaleka.
Ndipo kachubu kopyapyala ngati chingwe cha mbedza
kanatsetsereka pakati pa timinofu ta mawu
tomwe tinali tisanaimbepo kanthu.

Safakitanti. Dzina lolemera, chinthu chake choyera ngati mkaka wosungunula.
Dontho.
Kudikira.
Dontho lina.
Palibe ankamukankhira, ankadzikokera yekha
mpaka kunsi, ku timatumba tosaoneka ndi maso.

Manambala anagwa. Belu linalira.
Mawondo anga anasanduka madzi.
Dokotala anangoimitsa chala, osacheuka,
Frauke akusisita kaphazi kofanana ndi nyemba,
akunong'ona, tiye, mayi, tiye.
Ndinawerenga mapaipi a limba langa lomaliza m'mutu,
kuyambira wamkulu kutsika,
ndipo ndisanafike pakati manambala anayamba kukwera,
mmodzimmodzi, ngati nkhalamba pamakwerero a nsanja.

Kachubu kanatuluka. Basi.
Nthawi yosakwana kuwiritsa mbatata.

Sindikulonjezani kanthu, anatero dokotala akuvula magolovesi.
Ena amatopa tsiku lachitatu, makina n'kufunikabe.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Ndinapita pawindo. Kunja chipale chinali kugwera mumtsinje wa Trave,
n'kusungunuka osasiya chizindikiro.

Tsiku lachitatu linabwera, linadutsa.
Lachinayi anaiwala kupuma kawiri, anamukumbutsa pomugwedeza msana.
Gesa ankafinya mkaka wongodzaza kasupuni,
n'kuunyamula m'khonde ngati golide.

Usiku wakhumi ndi chimodzi anamuika pachifuwa panga,
mawaya onse, kachipewa kachikasu, malaya anga atamukuta.
Ndinatchera khutu la ntchito, lija losaka pobooka.
Ndinamva kamphepo ka makina, fiii.
Pansi pake, kena:
kamvukuto kakutseguka, kakutseka, kakutseguka,
kopanda woponda.

Ndiye anakwinya nkhope, nalira.
Kukhosi kunalibe chotsekereza, mawu anatuluka,
ochepa kuposa a kapaipi kotsiriza kamene ndinagwirapo,
kaja kotalika ngati chala chakankombaphala.
Anali osokonekera, okwera pang'ono kupyola muyezo.
Dzanja langa linayamba lokha kufunafuna chochunira m'thumba.

Ndinalibweza.
Amenewa ndiwasiya momwemo.