Masitepe a ku Nagasaki

Kuchokera pomwe basi imathera
kudzafika pakhomo panga, masitepe ndi mazana awiri.
Ndili mtsikana ndinkawawerenga pothamanga.
Lero amawerenga ndi maondo.

Galimoto sizifika kuno.
Wamakalata amatulukira ali wefuwefu,
thukuta kamukamu,
kudzangosiya bilu ya madzi.

Kwa a Kuwahara n'kotseka, chaka chachitatu chino.
Anawatsitsa pampando, amuna anayi,
kupita nawo kumunsi, kunyumba ya chikepe.
Mtengo wawo wa malalanje sunamve uthengawo.
Ukubalabe,
zipatso zikagwa zimagubuduzika ndi masitepe
ngati zikuwalondola.

Kukada, mzinda umayatsa nyali pansi pa mapazi athu.
Sitima ikalira padoko
kulirako kumafika kuno kutatopa kale,
mphaka wa mchira wopindika osadzutsa n'komwe khutu.

Shigeru amaimba foni Lamulungu lililonse:
Amayi, tsikani.
Ndimati ndamva, mwanangu.
Kenako ndimakayanika zochapa,
mphepo ya kunyanja n'kulowa m'malaya a malemu bambo ake,
aja ndimavala popalira maluwa,
n'kuwafufumitsa chifuwa
ngati munthu amene wangomaliza kukwera.