Seveni Koloko ku Burslem

Seveni koloko ikangokwana
nkhope ya Ndaziona imauma pa foni,
kukamwa yasa, liwu litatsakamira pakhosi:
"Adokotala akuti bambo a..."
Basi, kagudumu kaja kayamba
kuzungulira ngati galu wosowa pogona.

Ndimalipira mapaundi sate-faifi pamwezi,
ndalama yosambitsira nkhalamba za eni,
yonyamulira a Pritchard kuwachotsa pabedi
msana wanga ukulira ngati chitseko.
Papepala analonjeza megabiti sikisite-seveni.
Koma nane ndili ndi kope langa:
Lolemba, folo koloko m'mawa, sikisite-thuu.
Lolemba lomwelo madzulo, atatu.
Lachiwiri, awiri ndi theka.

Zonse amanena zija ndinachita.
Kuzimitsa rauta, kuwerenga mpaka sate, kuyatsanso.
Ndinaichotsa kuseri kwa firiji
n'kuikweza pawindo,
pambali pa duwa lomwe linafa mu Novembala.
Ndinagula chingwe chachikasu, kuchikwawitsa m'masitepe,
ndapunthwa nacho kawiri.
Madalo ndinamulanda gemu yake,
sabata yonse kundiyankha ndi mapewa.
Ndinasintha pasiwedi pokayikira mnyamata wa pa nambala 14
amene moni wake umakoma mopyola muyeso.
Pepa, mwana wa eni. Sunali iwe.

Ndinaimba kukampani.
Mphindi fote ndikumvera kanyimbo ka piyano,
tiyi kuzizira, mvula ikuwaza pagalasi.
Kenako Gemma, ulemu wake wosalala:
"Kuno kwathu zonse zikuoneka bwinobwino."
Kwanuko, inde.
Ndinafunsa mosapsatira:
kodi madzulo mumatsina paipi?
Zii. Zala zokha pa kiyibodi.
"Ife sitichita zimenezo, mayi.
Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

Paipi yotsinidwa ndimaidziwa ine.
Ndinakulira pamzere wa ndowa ku Ndirande,
mpopi ukutsokomola mphepo tsiku lonse
n'kudzalavula madzi atambala asanalire.

Madalo, mkwiyo utaphwa, anandiikira VPN,
akuti n'kuvala chigoba kuti kampani isakuzindikire.
Liwiro linalumpha kufika naintini.
Ndawagwira! Ndinavina ndekha m'khitchini.
Mawa lake, ndi chigoba chomwecho, anayi.
Mlandu wanga unasungunuka m'manja.

Lachisanu kunabwera Rhodri ndi makwerero.
Anatsegula kabokosi ka pakhoma lakunja,
madzi n'kuchucha,
nkhono ziwiri zitamanga banja m'menemo,
waya atabiriwira ndi dzimbiri.
"Mdani wanu ndi uyu," anatero.
Anadula, kulumikiza, kukana tiyi, ulendo.
Ndinachita manyazi ndi zonse ndinamunenera Gemma mumtima.
Ndinatsala pang'ono kung'amba kope.

Seveni koloko.
Kagudumu.

Mwina ndi msewu wonsewu,
nyumba makumi anayi zogundana mapewa,
aliyense ndi mpira wake, filimu yake,
tonse kukama bere limodzi.
Mwina kuli munthu kwinakwake, kapena makina,
dzanja lili pa mpopi.
Sindidzamuona nkhope.
Kontirakiti yatsala miyezi khumi ndi umodzi.

Ndiye ndimatchera alamu pa folo koloko,
Burslem yense ali mtulo,
chisanu chitagwira magalasi a galimoto.
Ndimakhala pa sitepe yachitatu, bulangete kumutu,
kunong'ona kuti Madalo asadzuke.
Kwathu ili sikisi, kwayera kale.
Ndaziona ali pakhonde la chipatala,
nkhope yake ikuyenda, maso akuphethira,
kumbuyo kwake kondakitala akuitanira Limbe,
ndipo chiganizo chija,
chimene chakhala chikuduka masiku asanu ndi anayi,
chafika chathunthu:
"Adokotala akuti bambo ayamba kudya."

Ndinatenga kope.
Loweruka, folo koloko, sikisite-wani.
Pansi pake ndinalemba: phala, masipuni asanu.