Pakamwa pa Khansala

Chaka chimene mabasi anasiya kuwoloka pa Mwami
makina anga anaiwala madiresi a ukwati.
Nsalu zinatha pa shelefu.
Zinatsala zitenje za chipani
zimene Khansala Nyendwa anatigawira ku Kapata,
chilichonse ndi nkhope yake, mano onse pamtunda.

Ndinatenga sizasi.
Wina anagula diso, wina khutu,
Tisauke wa kapenta anasankha chipumi.
Pakamwa, paja pankatuluka mijigo ndi misewu ya phula,
anapagula Yobe, mwamuna wanga, makwacha asanu.
Zaulere anakana, ati malonda salemekeza ukwati.
Ankapalasa njinga kuchokera ku Mchini mpaka kuchipatala,
wodwala kumbuyo,
iye akumwetulira ndi mano a munthu wina.

Wailesi inati pamaliro tisachulukane.
Loweruka lomwelo malole anasefukira kupita kumsonkhano,
phewa paphewa, ng'oma, thukuta,
ngati kachilombo nako kali ndi khadi la chipani
ndipo sikaluma anzake.

Juni anabwera ndi chisanu chake.
Yobe anayamba kupumira pa chitunda chimene kale ankachikwera akuimba mluzu.
M'wodi munali botolo limodzi la mpweya, mabedi anayi,
namwino Zelipa akulikoka uku ndi uku
ngati mayi wa mapasa wotsala ndi bere limodzi.
Ndinaimbira khansala.
Foni yake inandiimbira nyimbo ya kampeni
mpaka batire linatha.

Anakamuika anyamata ovala zoyera
ngati opopera mankhwala m'munda wa thonje.
Sitinamusambitse.
Pasiwa panagona mphepo.
Alongo ake ku Katete analira pa foni,
netiweki ikuwadula pakati pa dzina lake.

Chilimba chathu, amayi khumi ndi awiri,
chija tinkagulira mapoto ndi malata,
mwezi umenewo chinagula mpweya.
Tinang'amba masamu m'kope la mwana
n'kuyamba kulemba: nyumba, dzina, tsiku,
amene akupuma, amene wasiya.
Tisauke, woti sukulu anaisiyira panjira,
anaphunzira kuwerenga singano ya pa botolo.
Ine ndinaphunzira kulowa mu ofesi ya boma
maondo anga osakhudza pansi.

Masiku a voti atayandikira anatulukira, galimoto yochapidwa,
zitenje zatsopano, masaya onenepako.
Ati, amayi, pepani ndi zovuta,
kodi ndani uja anatisiya?
Palibe analuluta.
Tisauke anapukuta manja, n'kumutambasulira kope.
Anawerenga tsamba limodzi,
nayang'ana wotchi.
Tinati tsegulani lina, bwana, alipo makumi atatu ndi mmodzi,
ndipo onse anakuvoterani ulendo watha.

Musandifunse amene anapambana.
Mjigo wa kwathu ukadali m'kamwa mwa anthu.
Koma masiku ano akabwera a zimkuzamawu
sapeza amayi pamkeka.
Tikhala pabenchi, kope pamiyendo,
ndipo mafunso athu ali ndi manambala.

Njinga ija akuipalasa Tikambenji, mwana wathu woyamba,
buluku la atate ake atalipinda kawiri.
Amuna a pa siteshoni anaseka sabata imodzi,
yachiwiri anamubwereka pampu.

Masiki ya Yobe anandibwezera m'pepala la pulasitiki,
ati mukaitenthe.
Sindinaitenthe.
Inakhala mwezi padzuwa pamwamba pa denga
ndipo tsopano ndimapukutira mafuta pa makina.
Mano a khansala akuda pang'onopang'ono,
latsala limodzi lakumbali.
Mbali inayo sindiigwiritsa ntchito,
ija ya m'kati,
imene inkakhudza milomo.