Mlendo wa ku Kyoto pa Chitakale

Anatsika minibasi pa Chitakale
atagwira mapu chadodolido.
Ndinamukweza pa kabaza.
Iye ndi Sumiko. Langa, Namakhwa,
analiyesa katatu, likumuterereka pakamwa.

Pa mlatho wa Likhubula anati tiime.
Anandionetsa pafoni mzinda wakwawo:
akachisi amatabwa okalamba ngati mikungudza ya pa Chambe,
zipata zofiira zondondozana kukwera phiri,
basi yofika pa mphindi yake yeniyeni.
Ndinaseka. Kuno imanyamuka ikadzadza.

Anajambula minda ya tiyi,
anajambula mayi wogulitsa nanazi,
ngakhale tcheni cha njinga chitagwa.
Sapitwa sanamuone,
chiperoni chinakana.

Madzulo anawerama potsanzika.
Nane ndinawerama,
chipewa changa n'kugwera m'matope.