Ngwerere m'Botolo

Lachiwiri, minibasi zisanayambe kukuwa,
ndaima pamlatho kuseri kwa Garden
m'jombo zobwereka, zondikulira,
ndi mabotolo asanu ndi limodzi, ofiirira
kuti dzuwa lisandibere umboni.
Ngwerere akudutsa pansi panga osapereka moni,
wasenza thovu, majumbo ndi nsapato imodzi ya mwana.

A Kachingwe a dimba la repu atula keni:
"Mwabweranso, amayi a mabotolo?
Madzi omwewa, ife timangotunga,
inu mukuwagoneka pa ayezi ngati nsomba za ku Soweto."

Ku labu ndimasefa, ndisefenso,
lita yathunthu ndiifinye mpaka patsale dontho
losadzaza ngakhale chikhadabo.
Makina athu ndi mlendo wovuta:
safuna fumbi, safuna thukuta la chala,
magetsi akathima amanyanyala mpaka mawa.
Timawadikira ine ndi Mwatitha, wophunzira wanga,
amene amalemba manambala padzanja pepala likasowa.

Ndiye pakompyuta mzere uyamba ulendo,
wogona ngati msewu wa ku Kafue.
Mwadzidzidzi, phiri.
Kachulu. Chigwa. Phiri lina losongoka.
Lililonse limafika pa mphindi yake, ndi dzina lake.
Ili ndi la mutu ndi msana
wa anyamata okankha mawilibala ku City Market.
Ili ndi la chifuwa cha ana a mu Juni.
Ili, lalitali kuposa onse,
ndi la amene amameza moyo m'mawa uliwonse
botolo lake atalibisa m'sokosi.

La pa mphindi yachisanu ndi chinayi
sindifunikanso kuliyang'ana m'buku.
Ndi mankhwala a khunyu.
Ndine ndimakawagula mwezi ukatha
kuti mlongo wanga Yotamu asagwerenso pambaula.
Ndamupeza muno, mumtsinje,
pamodzi ndi anthu zikwi amene sadzawadziwa.

Thupi limatenga gawo lake, lotsala lipatsa chimbudzi,
chimbudzi chipatsa paipi,
paipi itula m'madamu otopa,
madamu akankhira kwa Ngwerere,
Ngwerere adzaza keni ya a Kachingwe,
ndipo Loweruka repuyo ndigula ndine,
mipukutu iwiri, ndi basera.

N'zochepa, inde.
Njere ya mchere m'thanki ya madzi ya sukulu.
Koma tizirombo ta m'matope tikulawa tsiku ndi tsiku
ngati mwana wa wotcheza kachasu:
lidzafika tsiku, chipanda chonse sichidzatigwetsa.
Tsiku limenelo namwino adzabaya jakisoni,
adzabayanso,
kutentha kwa thupi osatsika.

Ndalemba lipoti, masamba makumi anayi.
Ku ofesi analilandira ndi manja awiri,
analidinda, nandifunsa ngati ulendo wamawa
uli ndi alawansi.

Ndiloze chala ndani?
Wodwala amene wamvera dokotala?
Mayi wa ku Chaisa wotaya mapiritsi otha ntchito m'ngalande
poopa kuti mwana angawayese maswiti?
Makina amandiuza kuti n'chiyani, n'chochuluka bwanji,
mpaka manambala atatu kuseri kwa kadontho.
Za mlandu sanena kanthu.

Lachiwiri linanso. Jombo zomwe zija.
A Kachingwe andidikira pamlatho, keni ili m'manja.
"Mwapezamo chiyani m'madzi mwathu?"
Ndikuti, "Ndapezamo tonsefe, bambo.
Aliyense amene anadwala nafuna kuchira."
Aseka pang'ono, ayang'ana repu wawo wofota ndi dzuwa la Okutobala.
"Nanga ndithirire, kapena ndisathirire?"

Zaka khumi ndi ziwiri za sukulu ya ukachenjede
zandithera pakhosi.
Ndikuti, "Thirirani m'tsinde, osati pamasamba.
Zinazo ndikufufuzabe."

Agwedeza mutu, atsikira kumadzi.
Nanenso nditsika, pambali pawo.
Iwo amiza keni,
ine ndimiza botolo,
ndilemba tsiku, ola ndi malo
inki isanasungunuke ndi chinyezi.